Jakisoni wa a Gelevazio

"Ku labu ku Lilongwe madokotala ankachita kundifunsa ine," a Gelevazio ankauza anthu pamsika wa Golomoti.

Filomena, mayi wolima mpunga, anamva. Ankadziwa kuti ku labuko, koyezera matenda, bambowa ankatsegula geti. Komabe ng'ombe yake imodzi yokhayo yolimira mpunga inali ikutsokomola, ndipo mlangizi wa ziweto anali kutali. Anawaitana bambowo.

A Gelevazio anatunga madzi a m'ngalande, nawawiritsa mpaka kubwadamuka. Atazizira anasungunuliramo mankhwala a ufa n'kubaya ng'ombeyo mumtsempha. Inayamba kunjenjemera, thupi moto. Pofika masana inali itauma.

Mlangizi anafika mawa lake, anthu atadzaza pakhola.

"Kuwiritsa kumapha tizilombo, koma makoko ake amatsala m'madzimo," anatero. "Akalowa m'magazi, asilikali a m'thupi amayesa ndi adani amoyo. Amamenya nkhondo mpaka kupha mwini thupi."

"Tabwerezani poyambirira paja, achimwene," anatero a Gelevazio.

"Ndati kuwiritsa kumapha tizilombo."

A Gelevazio anagwedeza mutu mokhutira.

Akuluakulu sanachedwe kugamula: ng'ombe ilipidwe ndi ng'ombe. A Gelevazio anamasula yawo pangolo napereka chingwe kwa Filomena, aliyense akuona. Mayiyo analandira osathokoza, maso ali pakhola.

Bambowo anakonza kolala ya malaya, natembenukira gulu lija.

"Mwadzimvera nokha, ndipo wanena ndi munthu wa sukulu," anatero. "Tizilomboto ndinatipha tonse."