Msomali M'jombo ya Bizwell

Panali munthu wina ku Misuku, mlimi wa khofi dzina lake Bizwell, m'zaka zija za chipani chimodzi. Ankadwala shuga, moti mapazi ake anali atasiya kumva ululu.

Chaka china kunamveka kuti kukubwera nduna. Tcheyamani wa chipani analamula amuna onse kukakonza msewu. Wojomba ankatchedwa woukira boma.

Bizwell ankagwira ntchitoyo m'matope atavala jombo. Msomali unaboola jombo n'kulowa m'phazi, mwini wake osadziwa. Anatulukira ndi mkazi wake, Dinah, atamva fungo.

"Awiske Flora, tavulani jomboyo," anauza mwamuna wakeyo.

Phazi linali litatupa, likuchucha mafinya, chala chimodzi chitada bii. Dinah anamukokera kwa a Lameck, dokotala wa pachipatala chaching'ono cha m'deralo. Iwo atatsuka balalo anati, "Bala la munthu wa shuga silidikira. Kwerani lole ya khofi lero lomwe. Kuchipatala chachikulu akachotsa mnofu wakufawu n'kukubayani jakisoni. Phazili lisapondenso pansi."

"Yewo, adokotala. Koma ndikajomba kumsewu, ayufi, anyamata a chipani aja, akabwera pakhomo mukawayankha ndinu?"

"Ndikawauza ndekha."

"Ayi, mungandiputire zina."

Pobwerera anakumana ndi mlendo wogulitsa mankhwala wochokera ku Tanzania.

"Pole, mzee. Kuchipatala amangodula. Thirani ufa wa makapisozi awa, mumange ndi legeni pamwamba pa bala kuti poizoni asakwere."

Dinah analira, koma Bizwell anamanga mphirayo zolimba, n'kukankhira phazi m'jombo. M'mawa uliwonse ankanyamula khasu. Anayamba kunjenjemera, thupi kutentha, koma tcheyamani akamadutsa iye ankaweramira khasu ngati wamphamvu.

Tsiku lina anagwa chafufumimba m'ngalande. Jombo inakana kuvuka mpaka anaing'amba ndi mpeni. Amuna onse anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Kuda kuja kunali kutafika pakatumba.

Anamunyamula pamachira mpaka pomwe galimoto imafika. Kuchipatala anamudula mwendo pamwamba pa bondo kuti apulumutse moyo.

Atatsitsimuka anafunsa Dinah, "Kodi dzina langa analilemba kuti ndajomba?"

Dinah anangomukonzera bulangeti.

Phunziro: Abale anga, amunafe timabisa matenda chifukwa choopa anthu, Mulungu atikhululukire. Ngati muli ndi shuga, yang'anani mapazi anu tsiku lililonse, pisani dzanja m'nsapato musanavale, ndipo kabala kakaoneka thamangirani kuchipatala, osati kwa wodutsa m'njira. Musaisunge nkhaniyi, itumizeni kwa wina isanamuonekere.