Malovu a Vainess

"Taonani, amayi, wapositanso!" Vainess anakankhira foni kwa amayi ake. Pachithunzipo panali mng'ono wake Atupele, wa ku Speedway, dera la ku Indianapolis kuno ku America, akudya ndi banja lina la Ayuda, mano onse pamtunda.

Chiyezetsereni DNA, Atupele sankagwirika. Anatulukira kuti mzungu wasitolo ku Limbe, amene anabereka malemu bambo awo, anali Myuda, ndipo mdzukulu wake wina ankakhala ku Indianapolis komweko. Tsopano kutchalitchi Atupele ankamutcha mwana wa Abrahamu.

"Woyamba kubadwa ndine, amene bambo ankamukonda ndine. Ndiye Myuda akhale iye yekha?" anatero Vainess. "Nanenso ndaoda kabotolo kanga koikamo malovu okayezetsa."

"Mwanawe, malovu sapatsa anthu osawadziwa," anatero amayi, maso ali pa mdzukulu wawo, mwana wa Vainess, amene iwo anabwera kudzamulera ku South Bend kuno.

"Za ufitizo mukanazisiya pa Chileka, amayi."

Vainess analavulira m'kabotolomo n'kutumiza. Anaguliratu ndi diresi yokavala kokaonana ndi achibale atsopanowo, yoposa ya Atupele.

Zotsatira zinafika patatha masabata asanu, akungolowa m'nyumba kuchokera kuntchito. Anawerenga chiimirire, chikwama chili paphewa. Magazi achiyuda analibe ndi dontho lomwe. Pansi pake panali dzina la Atupele, ndi mawu akuti awiriwa ndi a kholo limodzi lokha.

"Alakwitsa awa," anatero. "Amayi, alakwitsa eti?"

Amayi anapitiriza kupinda tizovala ta mwana, osadzutsa mutu.

"Ndinakuuza, Vainess. Malovu sapatsa anthu osawadziwa."