Ngumbi Imodzi Yokha

Chikhazikitsireni lamulo loletsa kugwira tizilombo, banja lililonse limaloledwa kukaona chulu cha m'mudzi muno kamodzi pachaka. Adzukulu anga, Tiyanjane ndi Mwatitha, ndimawaphunzitsa ndekha pakhomo, ndiye mvula yoyamba itagwa ndinawatenga kuti akajambule ngumbi zikutuluka.

"Kuyang'ana kokha, manja kumbuyo," ndinawachenjeza pachipata cha mpanda wozungulira chulucho.

Ngumbi zitayamba kuuluka, ina inanditera pamkono. Dzanja langali silinandifunse n'komwe. Linangothothola mapiko n'kuponya m'kamwa. Belu la pampanda linalira pomwepo.

"Mayi, tulukani nonse. Chaka chamawanso musabwere," anatero mlonda.

Pobwerera Mwatitha ankalira, pepala lake lili losajambulapo kanthu. Ine maso anali pansi njira yonse. Titayandikira kunyumba, Tiyanjane anandikoka chitenje n'kunong'ona, "Agogo, nanga zimakoma?"