Woweruza Afika ku Kilfarna

Mayi Concepta Hanrahan anali pamwamba pa makwerero, akuthirira maluwa olendewera pakhomo la positi ofesi, pamene anamuona. Mnyamata wamtali, jekete yakuda, chikwama kumsana, kabuku m'manja. Anaima patsogolo pa nsanja yakale ya amonke, nawerenga m'kabukumo, nayang'ananso nsanjayo mpaka kunsonga.

Unali mwezi wa June. Mu June woweruza wa mpikisano wa matauni aukhondo amafika mosadziwitsa, ndipo satchula dzina lake. Kilfarna inali itagonja kwa Dromkeel zaka zitatu zotsatizana, chaka chilichonse ndi pointi imodzi. Chaka chino chinali chomaliza cha Mayi Hanrahan pampando wa komiti ya ukhondo ya tauniyi, poti mawondo anali atakana.

"Mossie," ananong'oneza amuna awo, amene ankagwira makwerero. "Wafika. Kabiseni wilibala ija. Ndipo muvule chipewacho."

"Masiku ano akuweruzanso zipewa?"

"Chanucho angachiweruze."

Anatsika, napukuta manja, namupeza mnyamatayo pachipata cha nsanja.

"Mwaswera bwanji, bambo? Mwangobwera kudzaona malo?"

"Tingotero, mayi."

Yankho la woweruza ndendende. Mayi Hanrahan anadzipereka kumuperekeza, ngati munthu amene analibe chochita tsikulo.

Anamuonetsa khomo la nsanja, limene lili m'mwamba kutalika anthu awiri, nafotokoza kuti amonke ankakwera ndi makwerero n'kuwakokera m'kati adani akamabwera. Anamuonetsa mphika waukulu wachitsulo umene unkaphikira phala anthu a tauni yonse m'zaka za njala. Tsopano munali maluwa ofiira, odzalidwa m'mizere. Kenako anatsikira kuchitsime chopatulika, kumene odwala amamangirira tinsalu pamtengo waminga popempha machiritso. Tinsaluto tinali toyera mbee. Mayi Hanrahan anali atatimasula sabata yatha, kutichapa, kutisita, n'kutibwezera panthambi zake.

Mnyamatayo sankayankhula zambiri. Pamalo paliponse ankatsegula kabuku, kuwerenga, kuyang'ana, n'kuchonga ndi pensulo. Maso ake anali ofiira. Mayi Hanrahan anaganiza kuti ndi kutopa. Munthu akachokera ku Dromkeel amatopa ndithu, kuyang'ana penti yobisa ming'alu.

Pamlatho wamiyala anapeza Mossie akusesa malo amene anali atasesa kale m'mawa, mutu uli pamtunda. Mnyamatayo anatsamira khoma nayang'ana madzi nthawi yaitali. Mayi Hanrahan sankatha kukhala chete nthawi yaitali chotero.

"Tamva kuti chaka chino atumiza woweruza watsopano," anatero, akuyang'ana kumbali. "Ine sindikudziwa kanthu, ndangomva. Koma zikhala bwino. Wakale uja nkhope yake sitinaionepo, koma malipoti ake tinawaloweza. Munthu wouma mtima."

"Anakulakwirani chiyani?"

"Chaka china analemba kuti benchi yathu yayang'ana khoma m'malo moyang'ana mtsinje. Tinaitembenuza. Chaka chotsatira akuti tazula udzu wonse pamlatho, njuchi zidya chiyani? Njuchi, bambo. Tinasiya udzu. Ndiye akuti udzuwo watalika."

"Concepta anadwala sabata yathunthu," Mossie anawonjezera.

"Inu sesani."

Mnyamatayo anamwetulira koyamba. Mayi Hanrahan anaona kuti mwayi ndi womwewu. Ankadziwa kuti woweruza safunsidwa, koma anali atagwada m'maluwa a tauniyi zaka makumi awiri, ndipo June wina sakanawapeza pampando.

"Mundikhululukire, mwanawe," anatero, mawu atatsika. "Sindikupempha kuti mutikondere. Tangondiuzani. M'kabukumo tili pabwino?"

Mnyamatayo anatsegula tsamba lina nawapatsa. Zolembazo zinali za inki yakale: "Kilfarna. Tauni yokoma kuposa matauni onse amene ndawayendera. Asamve, angaleke kuyesetsa."

Mayi Hanrahan anawerenga kawiri. Mnyamatayo anavula chikwama nachiika pakhoma la mlatho mosamala, ndi manja awiri.

"Ine si woweruza, mayi. Dzina langa ndi Fiachra. Wouma mtimayo anali bambo anga, anamwalira mu February. Kabukuka ndi kawo. Phulusa la thupi lawo lili m'chikwamamu, anati ndidzalimwaze pamlatho wanu." Anayang'ana tsache la Mossie. "Koma ndikuona mwasesa."