Kamsilikali Kamaso Okhota

"Tivuuleni msanga tiasilikali tija!" anakuwa Mayi Halina akulowa m'shopu ya Ludwik, wopenta tidole ku Lublin. "Amuna anga anabweretsa kuti mutipentenso osandifunsa. Amene anatipenta ndi malemu mwana wathu!"

Ludwik anathamangira kubeseni. Tiasilikali tapulasitikito tinali m'mankhwala ochotsera penti kuyambira dzulo. Atavuula kamodzi, penti yonse inatsalira m'zala zake.

"Tonse?" anafunsa mayiwo.

Ludwik anatsegula kabati mwamantha, natulutsa kamodzi kamaso okhota, kamene penti yake inachita kuyenderera mpaka kunsapato.

Mayiwo anakafumbata pachifuwa. "Munakasunga! Mulungu akudalitseni, bambo."

Komatu Ludwik anali atakapatula kuti Loweruka adzaonetse anzake, aseke bwino.