Mphini za Mkulu wa Mpingo

"Ndi waya waminga, adokotala," anatero a Benson, mkulu wa mpingo, akuonetsa zipsera zotupa zomwe zinandanda pachifuwa ngati mizere ya mbatata ku Lizulu.

Dokotala anazisisita. "M'thupi muli timankhwala totchedwa prostaglandin, tothandiza kuuza khungu kuti bala lapola, lisiye kumanga. Khungu lanuli ndi gonthi, likungomangabe."

Atatuluka, mkazi wawo Rute anawanong'oneza. "Waya wanuwo ndi wodziwa kutema mphini, bambo. Abusa akamva, udindo watha."

A Benson analonjeza chitenje chatsopano kuti asaulule.

Rute anavomera monyinyirika. Katemedweko ankakadziwa bwino. Sing'anga wa ku Kasinje yemwe anatema a Benson anamutemanso iye, kungoti zake zinapola osasiya chipsera.