Matope Pakhoma Loyera

Mayi wamasiye ankakolopa pakhonde pamene mlamu wake anatulukira ali wefuwefu.

"Alamu, zomwe tinkakangana kumsonkhano zija zatheka! A khonsolo akuyendera nyumba. Akuti yooneka bwino msonkho ukwera, mukalephera alanda!"

Khoma la nyumba ya mayiyo linali mbee. Neba wake wopenta nyumba anali atangomupentera ulere.

"Ambuye, ana anga adzagona kuti?" Anatapa matope m'ngalande n'kupaka khoma lonse.

A khonsolo atafika sanaliyang'ane n'komwe. "Ife timangoyeza kukula kwa malo, mayi."

Mayi uja atacheuka, anaona neba uja ali chilili pageti, atanyamula kachitini ka penti kodzamalizira chitseko.

"Achimwene," anatero mokweza, matope akudontha m'zala, "ndikhululukireni."